Ku Mukobeko, okalamba azikumana pati?

Ukauza munthu wa ku Zambia kuti mawa ukupita ku Mukobeko, amayamba wakuyang'anitsitsa kaye, kenaka n'kufunsa mwanthabwala kuti wapalamula chiyani. Dzinali linakanirira pa ndende. Kumeneko n'kumene ankasunga anthu oweruzidwa kuti anyongedwe, ndipo n'kumene a Hakainde Hichilema anakatsekeredwa mu 2017 pa mlandu woukira boma, kutatsala zaka zinayi kuti akhale mtsogoleri wa dziko. Koma kunja kwa mpandawo kuli anthu amene akungodzikhalira: nyumba za ogwira ntchito kundende, sukulu, kachipatala, matchalitchi, timisika ta tomato ndi makala, minda ya chimanga. Ndipo pakati pawo pali okalamba.

Okalamba a kuno ndi amitundumitundu. Alipo amene analondera akaidi mpaka kupuma pantchito, n'kutuluka m'nyumba ya boma, kupeza kapuloti chapafupi pompano chifukwa kwawo kwenikweni anachokako ali anyamata. Alipo amayi amasiye amene amuna awo anali a mumgodi kapena a kunjanji. Alipo agogo amene analera adzukulu makolo awo atatengedwa ndi Edzi m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ndipo lero akulera ana a adzukuluwo. Funso loti anthu amenewa dzuwa limawalowera ali pati, akucheza ndi yani, silimveka kawirikawiri pamisonkhano ya chitukuko, pomwe nkhani zimakhala za mijigo, madesiki ndi misewu. Chonsecho ndi funso loti dera ngati Mukobeko lingathe kuliyankha ndi ndalama zomwe zilipo kale.

Kabwe, tauni imene muli Mukobeko, sanamangidwe ndi maganizo oti munthu adzakalambiramo. Mtovu ndi zinki zitapezeka mu 1902, njanji n'kufika mu 1906, malowa, omwe azungu anawatcha Broken Hill, ankafuna mikono ya anyamata basi. Anabwera Alenje, Alala, Abemba, Ansenga, Angoni a ku Fort Jameson, enanso ochokera ku Nyasaland. Pangano lake linali lodziwika ngakhale silinalembedwe pachipupa: gwira ntchito, mphamvu zikatha bwerera kwanu, abale ako akakusunge. Koma Godfrey Wilson wa ku Rhodes-Livingstone Institute atafufuza moyo wa antchito a ku Broken Hill cha m'ma 1940, anapeza kuti ambiri mwa omwe ankawerengedwa ngati alendo odutsa anali atathera kale zaka zawo zambiri zauchikulire m'tauni. Mgodi womwewo unkagawira antchito ake ena minda ya maekala asanu. Munthu ukamupatsa munda, wamuuza kuti akhazikike, kaya ukufuna kaya sukufuna.

Pomwe makampani anali ndi mphamvu, vuto la okalambira m'tauni silinkaoneka kwambiri. Mgodi ndi njanji zinali ndi maholo, makalabu, zipatala ndi mabwalo a masewero. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1972, akuonerera Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors akugoletsa zigoli 107 m'chaka chimodzi, ankadziwa kopita akaweruka. Mnyamata ameneyo lero wapitirira zaka 70. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Njanji inaperekedwa kwa kampani ina mu 2003, boma n'kudzailandanso mu 2012, ntchito zambiri zitatha kale. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inakhala zaka zambirimbiri ili chete. Ntchito zitapita, malo okumanirana aja anatha nawo mphamvu, ndipo anthu omwe ankayembekezeka kubwerera kumudzi sanabwerere. Abwerera kwa yani, pomwe owadziwa anamwalira ndipo minda inagawidwa kalekale?

Si kuti boma ndi mipingo sizichitapo kanthu. Zambia ili ndi ndondomeko ya dziko yoona za ukalamba ya 2015. Ndalama zothandizira mabanja ovutikitsitsa, zomwe ku Malawi amati mtukula pakhomo, zinayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 m'madera ena a ku Katete anayesa kupereka penshoni kwa aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Zilipo nyumba zosungirako okalamba: Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira ndi za boma, Mitanda ku Ndola ndi ya Salvation Army, Divine Providence ku Chawama mu Lusaka ndi ya masisitere. Koma nyumba zoterezi ndi za munthu amene wasoweratu mtengo wogwira, ndipo ambiri amaziopa, poti kupititsidwa kumeneko kumamveka ngati kutayidwa. Gogo wamba wa ku Mukobeko ali ndi pogona, ali ndi mwana kapena mdzukulu, ndipo sakufuna kusamuka. Chimene akusowa ndi malo oti apite m'mawa, aonane ndi anzake, ayezetse magazi, adye kamodzi chakudya chotentha, n'kubwerera kwawo kusanade.

Anthu akamva za malo otere, maganizo amathamangira ku njerwa ndi malata, mwinanso ku mwala wolembapo dzina la amene adzatsegulire. Ine ndikuona kuti nyumbayo ndi nkhani yomalizira. Choyamba ndi miyendo.

Mukobeko ndi dera lomwazikana, ndipo lili patali ndi pakati pa tauni pomwe pali mkuyu waukulu uja umene anthu akhala akukumanirapo chiyambire masiku a atsamunda. Malo a okalamba akaikidwa m'tauni chifukwa choti khonsolo ili ndi puloti kumeneko, ndiye kuti gogo azilipira minibasi popita ndi pobwera, ndipo pakatha milungu iwiri adzaleka. Akaikidwa kuthengo chifukwa choti kumeneko malo ndi aulere, adzafikako ndi okhawo amene akadali ndi mphamvu, omwe ndi amene sakuwasowa kwenikweni. Mtunda suyezedwa ndi galimoto ya wojambula mapulani. Tengani agogo atatu, wina wa ndodo, wina wosaona bwino, muyende nawo mu January mvula itagwa usiku, muone pomwe akuima kuti apume, ngalande yomwe sangathe kuilumpha, msewu womwe akuopa kuwoloka. Pomwe iwo afika osadandaula, pamenepo ndi pomwe pali puloti. Ndipo likakhala pafupi ndi chipatala ndi msika, ulendo umodzi umatha zinthu zitatu.

Chachiwiri ndi chinthu chimene anthu sakonda kuchitchula pamsonkhano pali alendo: chimbudzi. Taonani mayi wa zaka 78 wodwala nyamakazi akulowa m'chimbudzi chokumba. Dzanja limodzi lagwira ndodo, linalo lagwira chitenje, khoma ndi losalala lopanda pogwira, mkati muli mdima. Kunyonyomala amanyonyomala movutika, koma nkhondo yeniyeni ndi yodzuka. Ndiye chifukwa chake agogo ambiri akakhala ndi ulendo sakumwa madzi kapena tiyi m'mawa, ndipo ena amangosankha kukhala pakhomo. Sadzakuuzani chifukwa chake. Adzangoti lero thupi silili bwino. Chimbudzi chokhalira, chokhala ndi chitsulo chogwirira m'mbali, chitseko chotsegukira kunja kuti munthu akagwa muthe kumutulutsa, n'chimene chingachititse kuti amayi azibwera mlungu ndi mlungu. Mipando nayo ikhale yotalika pafupifupi masentimita 45, ya mikono yoti munthu atsamirepo podzuka, osati mabenchi a ana asukulu kapena masofa omira amene wina wapereka atatopa nawo. Khomo likhale lotambalala masentimita 90 kuti njinga ya olumala idutse. Polowera pasakhale masitepe okha: pa mita imodzi yokwera, njira yotsetsereka imafuna mamita 12, kotero khonde lokwera masentimita 30 likufuna njira ya mamita atatu ndi theka ndi kanthu. Amisiri ambiri amaifupikitsa kuti apulumutse simenti, n'kusiya chitunda choti wokankha njinga sangachithe.

Nyengo ya ku Kabwe nayo ili ndi zonena zake. Mu June ndi July kumazizira mpaka m'mafupa, pomwe mu October malata amawotcha. Khonde lalikulu lolandira dzuwa la m'mawa, ndi mthunzi wa mitengo masana, zidzagwira ntchito kuposa holo yaikulu yotsekeka. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsanso kuti magetsi angathe kuzima pafupifupi tsiku lonse, choncho sola yoyatsira nyale ndi kutchajira mafoni ilowe m'pulani kuyambira pachiyambi.

Pali chinthu china chimene okonza malo otere ku Chipata kapena ku Lilongwe sangachiganizire, koma ku Kabwe n'chosalumphika: dothi. Tauniyi imatchulidwa pakati pa malo oipitsidwa kwambiri ndi mtovu padziko lonse. Makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa ndiwo anakhudzidwa koposa. Mu 2016 World Bank inavomereza madola 65.6 miliyoni a ntchito yokonza madera oonongedwa ndi migodi, Kabwe ali m'gululo, ndipo mu 2020 mlandu unakasumidwa ku Johannesburg wotsutsa kampani ya Anglo American m'malo mwa ana ndi amayi a kuno. Mukobeko sali pakhomo pa mgodi ngati Kasanda, koma zimenezo si chifukwa chongokhulupirira. Dothi la pulotilo liyezedwe, makamaka ngati padzakhale dimba la ndiwo zamasamba, ndipo akatswiri ake alipo, poti a University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido University akhala akuyeza dothi la Kabwe kwa zaka zambiri. Komiti ya malowa ifunsenso kontilakitala kuti mchenga ndi miyala yothira pansi akuitenga kuti. Lole imodzi ya zotsalira za mumgodi, yogulidwa motchipa, ingabweretse poizoni pamalo pomwe panalibe. Mtovu umaononga kwambiri ubongo wa ana, koma kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuononga impso, omwe ndi matenda amene okalamba akulimbana nawo kale.

Ndatchula ana dala. Amene akuganiza kuti pamalo a okalamba padzakhala okalamba okhaokha sanakhalepo m'komboni. Gogo amabwera ndi kamwana kumsana kapena kakumugwira chitenje, chifukwa mayi wake wapita kukagulitsa kumsika. Mukalemba pakhomo kuti ana saloledwa, mwathamangitsa theka la amayi. Mphasa pakona, mpanda woti kamwana kasathamangire kumsewu, ndi phala, n'zokwanira.

Tsopano funso limene limagwetsa malo ambiri a m'madera: kiyi adzasunga ndani? Mpingo ukapereka holo yake, ndi chisomo, koma dera ili lili ndi Akatolika, a UCZ, a Reformed, a Sabata, a Mboni za Yehova, a Pentekoste ndi Asilamu, ndipo alipo ena amene chikumbumtima chawo sichiwalola kulowa m'nyumba yopemphereramo ya anzawo, ngakhale kukangomwa tiyi. Kiyi ikakhala ndi munthu wachipani, malowo amatenga mtundu wa malaya ake, ndipo boma likasintha khomo limatsekeka. Ikakhala ku khonsolo kokha, posakhalitsa holo imayamba kubwerekedwa ku maukwati ndi misonkhano ya mabungwe, agogo n'kumauzidwa kuti abwere mlungu wamawa. Kubwereketsa si kulakwa, ndipo n'kumene ndalama za madzi zingachokere, koma zilembedwe poyera kuti masiku akutiakuti ndi a okalamba, ngakhale atabwera bwana wotani. Komiti yoyendetsa ikhale ya okalamba eniake, ndipo amayi akhalemo ochuluka monga momwe aliri ochuluka m'deramo. Tikapanda kusamala, mipando yonse idzatengedwa ndi abambo opuma pantchito odziwa Chingerezi ndi kulemba maminitsi, iwo n'kuika misonkhano nthawi ya m'mawa pomwe amayi ali kudimba ndi kumsika.

Zochitika mkatimo siziyenera kukhala zachilendo. Tsiku limodzi pamwezi namwino wochokera kuchipatala chapafupi abwere kudzayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kuona maso a ng'ala, ndi kukumbutsa omwe ali pa ma ARV, pakuti omwe anayamba kumwa mankhwalawa zaka 20 zapitazo tsopano ndi agogo. Tsiku lina likhale la mapepala. Ndani sanaonepo gogo ataima pakanyumba kotumizira ndalama pafoni, akupatsira mnyamata wosamudziwa foni yake, n'kumunong'oneza nambala yachinsinsi chifukwa manambala a pafoniyo ndi aang'ono ndipo zala zikunjenjemera? Pamzere onse amva. Tebulo limodzi, munthu mmodzi wodalirika, magalasi owerengera angapo, zingapulumutse ndalama zambiri kuposa chenjezo lililonse la pawailesi. Patebulo lomwelo angathandizidwe otsatira ndalama zawo ku bungwe la penshoni la NAPSA kapena ku thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma, ndi amayi amasiye omwe achibale a malemu akuwalanda nyumba. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilu limati 20 peresenti ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 ya ana, 20 ya makolo, 10 ya ena amene ankadalira malemuyo, ndiponso wamasiye ali ndi ufulu wokhala m'nyumbamo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Amasiye ambiri amamva zimenezi katundu atakwera kale lole.

Zinazo adzazibweretsa okha: nsolo, chilimba, kwaya, kuluka, mikangano ya mpira. Pokhapokha tisawasandutse ana a mkaka owaimbitsa nyimbo alendo akabwera ndi makamera. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayamba mu 2006 ku Mbare, mu Harare, kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi panja pa chipatala. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti omwe anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha nthawi zonse. Kumeneko okalamba ndiwo anali opereka. Ku Mukobeko kuli anamwino, aphunzitsi, akalipentala ndi amakaniko opuma pantchito amene palibe akuwafunsa kanthu.

Pali phindu lina losaoneka msanga. Gogo wodwala matenda oiwalaiwala akatuluka usiku n'kusochera, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni ake asanavale bwino, akulankhula zosamveka, gulu silichedwa kunena kuti wagwa paulendo wa ufiti. Lamulo la Zambia, monganso la Malawi, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika miyala itaponyedwa kale. Chimene chimapulumutsa munthu panthawi ngati imeneyo ndi mawu a mmodzi m'gulumo wonena kuti awa timawadziwa, amakhala pakutipakuti, mutu ndiwo sukuyenda bwino. Malo amene okalamba amaonekerako masana, mayina awo ali m'kaundula pamodzi ndi nambala ya foni ya wachibale, amachulukitsa anthu otha kunena mawu amenewo.

Ndipo pali nkhani ina ya ku Mukobeko kokha, yomwe komiti iliyonse idzakumana nayo kaya ifune kaya isafune. Mu 2015 mtsogoleri wa dziko wa panthawiyo, a Edgar Lungu, anasintha chilango cha akaidi 332 oyembekezera kunyongedwa kukhala cha moyo wonse m'ndende. Mu December 2022 chilango cha imfa chinathetsedwa, ndipo mu February 2023 enanso 390 anasinthiridwa chilango. Mwa anthu okhala m'ndende zaka zambiri chotere, ena amadzatuluka pa chikhululukiro cha mtsogoleri wa dziko, tsitsi litayera, kumudzi atawaiwala kapena asakuwafuna. Msewu woyamba umene amauponda ndi wa m'dera lino. Kodi munthu wotere adzaloledwa kukhala pabenchi limodzi ndi amene ankamutsekera usiku uliwonse? Nanga mayi wamasiye amene akuchita naye mantha, mantha akewo tiwataye? Mabungwe ngati PRISCCA akhala akugwira ntchito ndi otuluka m'ndende ndipo angathandize, koma chigamulo ndi cha eni dera. Kuona kwanga, lamulo lolowera likhale la zaka ndi khalidwe la munthu pamalopo, osati mbiri yake, ndipo likambidwe khomo lisanatsegulidwe, osadikira tsiku lomwe munthuyo waima kale pakhomo chipewa chili m'manja.

Nanga ndalama? Kuyambira 2022 thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lakhala likukwerabe chaka ndi chaka. Mu 2022 Kabwe anali ndi madera awiri, Kabwe Central ndi Bwacha. Njira yake ndi yodziwika: anthu amapereka pempho ku komiti ya chitukuko ya wadi, iyo n'kulipititsa ku komiti ya CDF, akatswiri a khonsolo n'kuliunika. Gawo lalikulu la thumbali ndi la zomangamanga za m'dera, lina ndi la fizi ya ophunzira, lina ndi la ngongole ndi thandizo kwa magulu, komwe achinyamata ndi amayi amatchulidwa ndi dzina. Okalamba satchulidwa chotero, choncho pempho lawo lidzapikisana ndi chipinda cha amayi oyembekezera ndi makalasi a sukulu. Kunena zoona, pa mpikisano wotere holo ya agogo siyenera kupambana nthawi zonse. N'chifukwa chake pempho lanzeru lingakhale laling'ono: khonde, chipinda chimodzi chotsekeka, khitchini, zimbudzi ziwiri zabwino ndi thanki ya madzi, zomangidwa pambali pa chipatala kapena sukulu yomwe ili ndi mlonda kale.

Chovuta chenicheni chimadza riboni itadulidwa. Kumanga kumapeza eni ake msanga, chifukwa nyumba imaoneka ndipo imajambulika. Makala, masamba a tiyi, shuga, sopo, bilu ya madzi, malipiro a wosesa ndi wophika, zimenezi zimabwera mwezi ndi mwezi ndipo palibe amaombera m'manja wozilipira. Holo yopanda ndalama zoyendetsera ndi mphika wotereka pamafuwa opanda moto. Pa 1 October, tsiku lokumbukira okalamba padziko lonse, padzabwera mabulangete ndi zolankhula, koma chaka chili ndi masiku ena 364.

Choncho asanajambule pulani, okonza ayambe ndi zobwereka. Apemphe kalasi Loweruka kapena khonde la chipatala masana, kawiri pamlungu, kuyambira mu November mpaka mvula itatha mu April. Alembe m'buku amene abwera, kumene achokera, ndipo makamaka amene anabwera kawiri n'kusiya, apite kukawafunsa kunyumba kwawo chimene chinawaletsa. Alembenso ndalama iliyonse yomwe yapita ku makala ndi ufa. Bukulo ndilo lidzanene kukula kwa nyumba yofunika, mbali ya dera yoyenera kuimikako, ndi mtengo weniweni woiyendetsera pamwezi. Pempho likamapita ku komiti ya wadi, bukulo lipite nalo limodzi, ndipo pa mzere wa ndalama za mwezi ndi mwezi pakhale dzina la amene walonjeza kulipira, kaya ndi khonsolo, mipingo yogwirizana kapena chilimba cha agogo eniake, atasainirapo.